Mphini Zikachoka Pakhungu, Zipite Pansalu

Mawu olankhulidwa pa mwambo wa chikhalidwe m'boma la Mchinji



Pa tsiku ngati lino maso a anthu amathamangira kubwalo kumene kuli ng'oma, fumbi ndi nthungululu, ndipo n'koyenera kutero. Komabe pamsonkhano pano pali chionetsero china chimene sichiimbiridwa ng'oma. Chionetserocho ndi zitenje zimene amayi avala, mipango ya kumutu, mikanda ya anamwali ndi nsalu yoyalidwa patebulo la alendo. Munthu atati azungulire n'kumafunsa kuti mwa nsalu zonsezi ndi iti imene zokongoletsa zake zinatuluka m'mutu ndi m'manja mwa mwana wa ku Mchinji kuno, angabwerere ndi yankho lochepa. Nsalu zambiri zinadindidwa ndi makina, ndipo zochuluka mwa izo zinadindidwira kutsidya kwa nyanja ndi anthu amene sanamvepo za mtsinje wa Bua.

Nkhani ya lero ndi ya singano ndi ulusi. Mfundo yake ndi imodzi: zolemba zakale za Achewa ndi Angoni, zimene zinkakhala pakhungu, pamikanda ndi pamiphika, zikutha limodzi ndi eni ake, ndipo nsalu yopetedwa pamanja ndiyo malo amene zingasamukireko zisanafufutike.

Singano si mlendo kuno

Ena amati kusoka kunabwera ndi azungu. Mawuwa ali ndi choonadi chatheka chabe. Makolo asanaione nsalu ya m'sitolo ankavala nyanda. Ankasenda khungwa la mombo, kulinyika m'madzi, kulisula mpaka litafewa, kenako n'kulumikiza zidutswa zake kuti chovala chikwane. Mphasa imene mafumu amakhalira poweruza milandu ndi bango long'aluliridwa bwino ndi kusokedwa ndi chingwe. Mkeka nawo ndi mlaza wolukidwa m'mizere, mizereyo n'kusokedwa umodzi ndi unzake. Angoni atafika ndi zikopa ndi mikanda yawo, anabwera ndi luso lina la kuboola, kutunga ndi kulumikiza.

Thonje nalo silinali lachilendo. Mu 1859 David Livingstone, poyenda m'chigwa cha Shire, anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu m'midzi mwawo, ndipo ntchito yopota ndi yoomba inali m'manja mwa abambo. Nsalu yokhuthala imeneyo, yotchedwa machila, inkagulitsidwa mpaka kumadera a mtsinje wa Zambezi. Zaka pafupifupi 30 izi zisanachitike, mu 1831, Mpwitikizi wina dzina lake Gamitto anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa pa ulendo wochokera ku Tete kupita kwa Kazembe. Iye analemba za kavalidwe ndi miyambo ya anthu amene anakumana nawo, ndipo pakati pa mafumu amphamvu anatchula Mkanda, dzina limene lidakalipo m'boma lino mpaka lero.

Chimene chinagwetsa kuomba ndi nsalu za m'fakitale zochokera ku India, ku America ndi ku Manchester. Zinali zopepuka, zowala ndiponso zosavuta kupeza, motero munthu sanaonenso chifukwa chothera masabata akupota ulusi wa chovala chimodzi.

Kumene zolembazo zinkakhala

Nyanda ndi machila sizinkapetedwa maluwa. Izi sizitanthauza kuti makolo analibe diso la kukongola. Iwo anali ndi malo ena olembapo.

Malo oyamba anali thupi. Mtsikana akamakula ankatemedwa mphini pamphumi, m'masaya, pachifuwa, pamimba kapena pamsana. Mayi wodziwa ntchitoyi ankatema timizere tating'ono mondondozana, n'kupakamo makala, ndipo mabala akapola pankatsala mizere, madontho ndi timakona tosachoka mpaka kumanda. Mphini zokongoletsazi n'zosiyana ndi zimene asing'anga amatema pothira mankhwala. Zinkasonyeza kuti mwana wakula, kuti ndi wolimba mtima, ndipo nthawi zina zinkaonetsa mtundu kapena dera limene munthu wachokera. Mlendo ankawerengedwa pankhope asanatsegule pakamwa.

Malo achiwiri anali mikanda. Yoyera, yofiira ndi yakuda inali ndi matanthauzo amene anamkungwi ankaphunzitsa, ndipo m'nyumba ya banja mikanda inkanena zimene pakamwa pankachita nazo manyazi. Mitundu itatu yomweyi imaonekanso m'madontho a pachingondo chimene namwali amavala kumutu pa tsiku lotuluka.

Malo achitatu anali ziwiya: mizere yolembedwa m'khosi mwa mtsuko dongo lisanaume, ndi mipingasa ya nsungwi palichero ndi padengu. Malo achinayi anali miyala. Kumapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, zinajambulidwa ndi Akafula. Zoyera zambiri zinajambulidwa ndi Achewa, ndipo zina mwa izo n'zokhudzana ndi chinamwali. Zojambula zofanana nazo zimapezekanso kum'mawa kwa Zambia, monga ku Thandwe ndi ku Mkoma. Amene anazijambula sanadziwe kuti tsiku lina pa Mwami padzakhala chipata ndi chidindo.

Mwa malo anayiwa, mwala wokha ndiwo ukupirira. Mtsuko wagonja kwa chigubu cha pulasitiki. Mphini zokongoletsa zinayamba kuchepa pamene mipingo ndi sukulu zinazinyoza, ndipo matenda a Edzi atafika kunadziwika kuti lumo limodzi lotemera anthu angapo ndi njira ya imfa. Palibe munthu wanzeru amene angapemphe kuti atsikana ayambenso kutemedwa. Khungu la mwana lisiyidwe mmene Chauta analipangira. Koma amayi amene ali ndi mphini zimenezi tsopano ndi okalamba, ndipo maliro alionse a agogo otere amapita ndi tsamba limene palibe analikopera.

Maluwa obwereka

Singano yachitsulo, ulusi wa mitundumitundu ndi luso la kupeta nsalu zinafala kudzera m'mamishoni. Asisitere a ku Ludzi, amayi a Chigwirizano a Sinodi ya Nkhoma ndi alangizi a zapakhomo amene boma linkatumiza m'midzi anaphunzitsa atsikana ndi amayi kupendera, kuika chigamba, kuluka madoyilo ndi kupeta. Anaphunzira msoko wopingasa ngati mtanda, msoko wa unyolo ndi msoko wobwerera m'mbuyo. Mkazi wolowa m'banja ankanyadira nsalu ya patebulo, zoyala pamipando, zovindikira chakudya ndi zovala za mapilo zimene anapeta yekha. Luso limeneli linaveka ana, linakongoletsa nyumba ndi maguwa a m'matchalitchi, ndipo amasiye ambiri analipirira nalo ana sukulu. Liyenera ulemu.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene chinasowapo. Manja anali a kuno, koma zojambulazo zinali zobwereka. Mayi wa mphini pamphumi ankakhala pakhonde n'kumapeta maluwa a ku Ulaya amene sanawaonepo akumera, ndi timadengu ta zipatso zimene sanazilawepo. Sanapete duwa la dzungu, nthenga za nkhanga kapena mizere imene inali pankhope pake pomwe, chifukwa anauzidwa kuti zimenezo n'zachikunja kapena n'zachimidzi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo singano ya kuno kwa zaka zambiri yakhala ikunena za m'maluwa a eni ake.

Pambuyo pake ngakhale luso lobwerekalo linayamba kuzilala. Fakitale ya David Whitehead and Sons, imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, inadzaza dziko ndi zitenje zodindidwa kuchokera ku thonje la m'dziko momwemuno, koma inafooka mpaka kugulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Kaunjika, amene anzawo a ku Chipata amamutcha salaula, anatsitsa mtengo wa chovala kotero kuti malaya akang'ambika, ambiri amaona chapafupi kugula ena kusiyana ndi kusoka. Lero m'nyumba zambiri muli mafoni awiri kapena atatu, koma batani likathothoka, singano amakabwereka kwa aneba.

Zimene singano yachita kwina

Pamene kuno singano ikutayika, kwina ikulowa m'nyumba zikuluzikulu za zaluso. Chitsanzo choyandikira kwambiri ndi Billie Zangewa, amene anabadwira ku Blantyre mu 1973, nakulira ku Botswana, naphunzira zaluso pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa, ndipo amakhala ku Johannesburg. Iye amadula tizidutswa ta nsalu ya silika, n'kutisanja, n'kutisoka ndi manja mpaka patatuluka chithunzi. Anayamba ndi kupeta zomera ndi nyama za ku Botswana, kenako misewu ndi nyumba za mumzinda. Mu 2004 analandira mphoto ya Gerard Sekoto, ndipo mu 2021 ntchito zake zinaonetsedwa ku Museum of the African Diaspora ku San Francisco.

Chochititsa chidwi ndi zimene amasankha kusoka. Sajambula mafumu kapena nkhondo. Amajambula mayi ali kukhitchini, mayi akuyang'anira mwana wake, mayi atatopa akupuma. Nsalu zake zambiri sizikhala za ngodya zinayi zofanana. Amasiya m'mphepete mosalingana, pena ngati pabenthuka, monga mmene moyo wa munthu ulili. Zangewa sapeta mphini kapena zojambula za ku Chongoni, ndipo sichingakhale chilungamo kumunamizira zimenezo. Phunziro lake ndi lina: ntchito imene anthu ankaiyesa yongotayitsa nthawi amayi yaima pamodzi ndi zojambula za akatswiri a dziko lonse, ndipo yafika kumeneko posimba za pakhomo.

Palinso zitsanzo za anthu a m'midzi. Ku Weya, m'dziko la Zimbabwe, amayi anayamba m'zaka za m'ma 1980 kusoka zigamba pansalu posimba za moyo wawo wa tsiku ndi tsiku, monga kumunda, kuchitsime, milandu ndi maukwati. Ku Hamburg, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, amayi oposa 100 anapeta nsalu yotchedwa Keiskamma Tapestry, yotalika mamita pafupifupi 120, yosimba mbiri ya dera lawo, ndipo inakapachikidwa m'nyumba ya malamulo ku Cape Town. Ambiri mwa amayiwo sanapite patali ndi sukulu, koma analemba mbiri imene aphungu ankadutsa pambali pake tsiku ndi tsiku.

Mchinji sikuchepera Weya kapena Hamburg. Boma lino, limene kale linkatchedwa Fort Manning, lili ndi nkhani zokwana nsalu yaitali: ufumu wa Mkanda, kufika kwa Angoni, maulendo a abambo opita ku Joni ndi ku Halale, njala zimene anthu anapulumuka, fodya ndi mtedza, mpaka njanji imene inalumikiza Mchinji ndi Chipata mu 2010. Pamwamba pa izo lili ndi zolemba zakezake zoti zikhale m'mphepete ndi m'kati mwa nkhanizo.

Kodi chimenechi n'chikhalidwe?

Ena afunsa kuti mphini ikachoka pakhungu n'kupita pansalu, idakali mphini? Funsoli ndi loyenera. Nsalu simva ululu, ndipo kulimba mtima kumene namwali ankaonetsa potemedwa sikungasokedwe ndi ulusi. Chinachake chimatayikadi.

Komatu chikhalidwe chakhala chikusamuka kuyambira kale. Mikanda yagalasi imene lero ndi chizindikiro cha namwali inabwera ndi amalonda ochokera kunyanja yamchere. Chimanga chinachokera ku America, koma palibe amene amati nsima ndi yachilendo. Chitenje chenichenicho ndi mwana wa fakitale, koma chabereka ana, chalira maliro, chavina chimtali mpaka chasanduka cha kuno. Chinthu chimakhala cha mtundu pamene eni mtunduwo achipatsa tanthauzo ndi kuchigwiritsa ntchito. Choncho chimene chiyenera kusamuka si mzere wokha ayi, koma mzere pamodzi ndi dzina lake ndi nkhani yake. Mzere wopanda tanthauzo ndi chikomekome cha nkhuyu.

Poyambira pake

Ntchitoyi siyambira pasingano. Imayambira pamphasa, pafupi ndi agogo, ndi kope ndi pensulo. Mdzukulu apemphe mwaulemu kuti aone mphini, azijambule monga zilili, awerenge timizere take, alembe dzina limene agogowo amazitchula, mudzi umene anatemedwera, pa msinkhu wanji ndiponso chifukwa chake. Achite chimodzimodzi ndi woumba mbiya, woluka malichero ndi wotunga mikanda. Mudzi uliwonse utakhala ndi kope limodzi lotere, boma lino lingakhale ndi buku limene laibulale iliyonse ilibe.

Zipangizo sizifuna ngongole. Pamafunika nsalu ya thonje yopanda maluwa, singano, ulusi woyera, wofiira ndi wakuda, ndi zigamba zimene matelala a pa Boma, pa Kamwendo ndi kwa Mkanda amasesa madzulo alionse. Timizere ta mphini timatuluka bwino ndi msoko waufupi wowongoka, madontho a pachingondo amatheka ndi timfundo ta ulusi, ndipo mipingasa ya lichero imagwirizana ndi msoko wamtanda umene amayi anaphunzira kale kumishoni. Nthawi yake ilipo: mtedza ukakumbidwa ndi chimanga chikalowa m'nkhokwe, kufikira nthawi yososa. Chofunika kwambiri ndi kuleza mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali malamulo atatu amene ntchitoyi iyenera kuyendera.

Loyamba ndi kupempha. Si zonse zimene maso aona ziyenera kupita pansalu. Za kutsimba zili ndi anamkungwi ake, ndipo za kudambwe zili ndi eni ake. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, koma ulemu umenewo sunatsegule zitseko zonse. M'Chichewa mawu akuti kupeta amanena za nsalu komanso za lichero, ndipo wopeta nsalu ayenera kuchita ngati wopeta mphale: kusankha choti chionekere ndi choti chitsale. Wokayika afunse, chifukwa safunsa anadya phula.

Lachiwiri ndi dzina. Nsalu iliyonse ikhale ndi dzina la woisoka, mudzi wake ndi chaka, zopetedwa pakona, ndiponso, ngati eni ake alola, dzina la agogo amene zolembazo zinachokera kwa iwo. Zaluso zambiri za mu Africa zili m'nyumba zosungiramo zakale kunja zitangolembedwa dzina la mtundu, ngati kuti zinadzipanga zokha. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limatetezanso zaluso za makolo, koma lamulo limathandiza bwino munthu amene ali ndi umboni. Kope ndi dzina ndiwo umboniwo pa tsiku limene wina adzajambule nsaluyo pafoni n'kukaidinda mazanamazana kufakitale.

Lachitatu ndi mtengo. Alimi a kuno akudziwa bwino kuwawa kwa kulima mtedza ndi soya chaka chonse, phindu n'kupita ndi venda wa sikelo. Nsalu imene yatenga masabata atatu isagulitsidwe pa mtengo wa chitenje chodindidwa m'kamphindi. Wosoka awerenge masiku ake, ulusi wake ndi nsalu yake, ndipo osoka agulitse ali pagulu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Msika suli kutali. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a m'maiko atatu amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mu Febuluwale Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala. Ambiri mwa opita kumeneko amadutsa mumsewu wa Mchinji, ndipo amafuna kubwerera ndi kanthu kokumbukira.

Pempho

Kwa mafumu, pempho n'lakuti alole ndi kulimbikitsa kuti zolembazi zilembedwe m'midzi mwawo, ndipo akhale oyamba kukhalira kapena kuvala nsalu yopetedwa ndi anthu awo. Chimene mfumu yavala, mudzi suchinyoza.

Kwa anamkungwi, n'lakuti aunikire chimene chingatuluke ndi chimene chiyenera kutsala, ndiponso kuti pa malangizo amene amapereka kwa anamwali awonjezerepo singano.

Kwa aphunzitsi, n'lakuti pa phunziro la Expressive Arts kupulayimale ndi la Clothing and Textiles kusekondale, ana asamangokopera maluwa a m'buku, koma atumidwe kwa agogo awo. Anyamata asasiyidwe kunja. Amene ankaomba machila anali abambo, osoka mphasa ndi abambo, ndipo matelala ambiri a m'makonde a sitolo ndi abambo. Singano sidziwa mwamuna kapena mkazi.

Kwa bungwe limene lakonza mwambo uno, n'lakuti chaka chamawa pambali pa bwalo pakhale chisakasa chimodzi cha nsalu zopetedwa pamanja, iliyonse ndi dzina la mwini wake ndi tanthauzo lake. Ku Mua, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 asonyeza kuti zosemasema zikapatsidwa nyumba ndi ulemu, osema amachuluka ndipo luso limakula. Nsalu nayo ikufuna poyambira pake.

Pakati pa anthu amene akhala pansi pano lero pali amayi okalamba amene ali ndi timizere takuda pamphumi ndi m'masaya. Ena mwa iwo akhala zaka zambiri akuzibisa ndi mpango chifukwa anasekedwapo. Mwambo ukatha, adzukulu awo asathamangire kugalimoto. Akhale nawo pansi, awafunse amene anawatema, kumene anatemedwera ndi dzina la mphinizo, ndipo alembe. Singano idzatsatira pambuyo.